Bwato la Bambo Linavundikiridwa pa Dooko

Bambo anga sanali mbava. Ndayambira pamenepa chifukwa mpaka lero kumudzi kwathu, kufupi ndi Chiromo, kuli anthu amene akafuna kulozera mlendo nyumba yathu amati, "Paja pankakhala mdala woba m'miono." Wina ananena zimenezi ine ndili pomwepo, osadziwa kuti ndine mwana wa mdalayo, ndipo chinamupulumutsa n'chakuti anali pa njinga.

Amene simunakulire m'dambo ndikuuzeni kaye za mono. M'madzi mulibe mpanda, mulibe malire oti n'kuwaona ndi maso. Msodzi akatchera mono wake pakati pa mabango, amagwira masamba a bango lapafupi n'kumanga mfundo. Aliyense ali ndi kamangidwe kake, ndipo mfundoyo ndiye dzina lake pamadzi. Ukaona mfundo ya mnzako umadutsa, ngakhale mono uchite kugwedezeka ndi nsomba za mphende, ngakhale kwanu ana atagona ndi njala. Munthu akaonjola mono wa mnzake, bwato lake amalikokera kumtunda n'kulivundikira pa dooko kuti aliyense wodutsa aone. Amene ankaweruza milandu yotereyi pa dooko pathu pa ubwana wanga wonse anali bambo anga omwewo. Mfundo yawo inali yapawiri, nsonga ya tsamba yopindira pansi. Ngakhale mwana wotola nkhono ankaidziwa.

Mayi atamwalira, bambo ankakhala ndi mlongo wanga wamng'ono, amene amagulitsa nsomba zouma pamsika. Ine ndine kapitawo kuminda ya nzimbe, kumudzi ndimafika mwezi ukatha. Mlongo wangayo ndiye anayamba kuona zinthu. Bambo amadya, n'kusamba m'manja, n'kufunsa ngati lero kuphikidwa. Amamuitana iye ndi dzina la malemu mayi. Tsiku lina ndili pakhonde anandifunsa kuti, "Sitima yadutsa?"

"Baba, sitima inasiya kalekale. Njanji inapita ndi madzi."

"Nkhabe, ayi. Ndaimva dzulo pa mlatho."

Tinaseka, iwonso anaseka. Tikanatani? Ndani anatiuzapo, kusukulu kaya kutchalitchi kaya pa wailesi, kuti kuiwala kwa mtundu umenewu ndi matenda? Za kolera tinauzidwa mpaka makutu kuwawa. Za izi, zii.

Koma mlongo wanga mtima sunakhale pansi. Atawapeza akuthira mchere mu tiyi kachiwiri anandiimbira foni, ndipo tinawakweza pa kabaza kupita nawo kuchipatala chaching'ono cha m'dera lathu. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa loti nkhuku zimayenda kukamwa yasa. Tinakhala pamzere kuyambira m'mawa. Titalowa, bambo anavula chipewa n'kupereka moni wonse bwinobwino, kufunsa za kunyumba, za ana, za mvula, pakuti moni sanauiwale mpaka kufa. Wachipatalayo, mnyamata wovala choyera, anawabaya chala kuyeza malungo. Sanapezeke.

"Nanga akumva kupweteka pati?"

Mlongo wanga anati, "Sakumva kupweteka, adokotala. Akuiwala. Amaiwala kuti adya, amandiyesa mayi anga, ama..."

"Mayi, zaka zimenezi mukufuna azikumbukira chiyani? Ndi ukalamba uwu. Kapena mukufuna ndiwabwezere unyamata?"

Anaseka yekha, n'kutipatsa panado. Panado! Munthu mutu sukumupweteka. Ndinamufunsa ngati palibe china choti ayeze, iye anandilozera chitseko kuti ndione mzere umene unali panja. Mzerewo ndinauona, sindikukana kuti unali wautali. Koma mlongo wanga anabwera ndi nkhani ya chaka chathunthu, ndipo sanaloledwe kumaliza ngakhale chiganizo chimodzi. Ndinalankhula mawu angapo amene sindingawalembe pano, mlonda anabwera, tinatuluka. Panja bambo anandifunsa kuti wadwala ndani.

Ankapalasabe bwato nthawi imeneyo. Palibe amene akanawaletsa, ndipo wachipatala anali atanena kale kuti alibe kanthu. Iwo bwato ankati mwadiya, ndipo akakhala mu mwadiya wawo, nkhafi ili m'manja, sukanadziwa kuti ndi munthu yemwe uja wothira mchere mu tiyi. Ankadutsa mu namasupuni osakodwa, mvuu ankaimva isanatulutse mphuno.

Vuto linali lakuti dambo limene linali m'mutu mwawo silinali dambo la lero. Madzi osefukira amene anakokolola njanji aja anasintha zonse. Mifuleni ina inatsekeka ndi mchenga, ina inatseguka, ndipo malo amene bambo ankatcherapo pa unyamata wawo, amene anawasiya okha zaka zambiri zapitazo, tsopano anali a anthu ena.

Foni inandipeza ndili pakati pa odula nzimbe. Mlongo wanga ankalira. "Achimwene, bwerani. Baba awamanga pa dooko." Ndinasiya ntchito osatsanzika.

Ndinawapeza atakhala pamchenga wotentha, manja atamangidwa kumbuyo ndi chingwe cha ukonde, tsaya lakumanzere litatupa. Anthu anali mbwee. Mu bwato lawo munali mphende ndi milamba. Wapampando wa komiti ya asodzi anali ataimirira pansi pa mtengo, munthu wa msinkhu wanga, amene anakulira pa dookopo ali wamasiye, amene nkhafi anaphunzitsidwa kugwira ndi bambo omwewa. Nditayamba kumasula chingwe wina anati, "Bwana kapitawo afika, kuno si ku nzimbe." Ndinamuyang'ana kamodzi, anabwerera m'mbuyo.

Wapampandoyo anafotokoza mlandu. Bambo anali atavuula miono ya anthu atatu, n'kuonjola nsomba zonse. Koma chimene chinakwiyitsa anthu si nsombazo. Atamaliza kuonjola, anaikamo nyambo yatsopano ya gaga, wina umene unali wothyoka pakamwa anaukonza ndi mlaza, anaibwezera m'madzi, kenako anamasula mfundo za eni ake pa bango n'kumanga yawo. Yapawiri ija, nsonga yopindira pansi.

"Nsomba tikanakhululuka," anatero wapampando. "Koma kumasula mfundo ya munthu, achimwene, inunso ndinu mwana wa pano. Ndiye kuti akuti malowo ndi awo."

Ndinakuwa. Ndinati, "Inu anthu, mitu yanu mumangosenzera madengu? Ndi mbava yanji imene imaba n'kusiya dzina lake pamalo? Ndi mbava yanji imene imakukonzera mono, n'kukuikira nyambo, n'kubwera pa dooko dzuwa likuswa mtengo?" Pakuti ndi momwe zinalili. Bambo anafika pa dooko akuimba, n'kuyamba kugawira amayi a pamenepo nsomba ziwiriziwiri za ndiwo monga ankachitira masiku onse akapha zambiri. Ena mwa amayi amene ankakuwiza anali ndi nsombazo m'mabeseni mwawo.

Mlongo wanga anagwada pamchenga. "Akuluakulu, baba akudwala. Amaiwala. Kunyumba sakumbukira n'komwe kuti adya."

Mwini mono wina, bambo wa ndevu zake amene ndinamva pambuyo pake kuti ndiye anawamenya mbama, anaseka. "Amaiwala? Njira ya m'dambo saiwala, nkhafi saiwala, mfundo yawo saiwala, koma ya ine ndiye aiwala? Matenda osankha bwanji amenewa? Kuchipatala anati chiyani?"

Kuchipatala anati alibe kanthu. Mawu a wachipatala uja, olankhulidwa mothamanga kuti mzere uyende, ndiwo anakhala umboni wotsutsa bambo anga pa dooko. Kumbuyo kwa gulu ndinamva wina akunong'ona kuti okalamba otere amakhala ndi zawo, nsomba amazituma kwina. Sindinamuone nkhope. Mwayi wake.

Nthawi yonseyi bambo ankasisita m'manja mmene munadutsa chingwe. Ataona anthu atazungulira, wapampando ali chilili pansi pa mtengo umene iwo ankakhalapo poweruza, anadziwa kuti pali mlandu wa miono. Anakonza chipewa, n'kutsokomola monga ankachitira kale.

"Tamva. Nanga wakubayo ali kuti? Mubweretseni apa timufunse. Osamumenya, poyamba alankhule."

Ena anaseka. Mwini mono uja anati, "Mwaona? Akutitonza."

Anagamula monga mwa mwambo. Amuna anayi analikoka bwatolo kumtunda n'kulivundikira, ndipo anati bambo asadzakwerenso bwato pa dooko limenelo. Wapampando polankhula ankayang'ana zala za kumapazi kwake.

Miyezi yotsatira inali yonyansa. M'mawa uliwonse bambo ankadzuka kufuna nkhafi. Mlongo wanga anaibisa padenga. Iwo ankapitabe ku dooko chimanjamanja, akaona mwadiya wawo uli chafufumimba ankafunsa kuti waba ndani, ndipo n'chifukwa chiyani avundikira bwato lolakwika. Ankayesa kulitembenuza okha. Anyamata ankawathamangitsa. Akulu a mpingo anabwera kudzawauza kuti ayambe aima kaye pa mgonero mpaka atalapa. Alape chiyani, munthu sakudziwa kuti kunali mlandu? Mlongo wanga akamapita kumsika anayamba kuwatsekera m'nyumba ya malata, kutentha kwa kwathu kuja, chifukwa ankaopa kuti tsiku lina anthu adzawapha. Bambo ankamenya chitseko mpaka zikhatho kutuluka magazi. Anaonda. Anasiya kuimba. Nsomba za mlongo wanga pamsika anthu ena anasiya kugula, ati n'za m'nyumba ya mbava.

Mnzanga wa kuntchito, amene apongozi ake anadwalapo chimodzimodzi, ndiye anandiuza kuti kuchipatala chachikulu kumakhala nesi wa matenda a maganizo tsiku limodzi pa sabata. Tinapita. Nesiyo anali mayi wachikulire, wotopa, m'kachipinda kopanda ngakhale fani. Analibe makina alionse. Anangotikhazika pansi, n'kuuza mlongo wanga kuti, "Yambirani pachiyambi." Mlongo wanga analankhula, analira, analankhulanso, ndipo palibe anamudula. Kenako nesi anacheza ndi bambo, kuwafunsa kuti tili mwezi wanji, adya chiyani m'mawa, ine ndine ndani wawo. Za ine anayankha kuti ndine mphwawo. Mphwawoyo anamwalira ine ndili mwana. Anawayezanso magazi ndi zina kuti aone ngati palibe matenda ena obisala.

Atatha anati, "Awa ndi matenda a ubongo, oiwalitsa. Dzina lake ndi dimenshiya. Si ufiti, si mwano, ndipo si ukalamba wamba ayi. Za dzulo zimayamba kufufutika, za kalekale zimatsala, ndipo zimene manja anazolowera zimachoka pomalizira penipeni."

Ndinafunsa kuti, "Ndiye munthu atha kumanga mfundo yake bwinobwino koma osadziwa kuti malowo anawasiya?"

"Kwambiri."

Anatiuza mosabisa kuti mankhwala ochiritsa palibe. Anati tisamawatsutse akafunsa za sitima, tisamawatsekere okha, wina azikhala nawo, ndipo tiwapatse ntchito ya manja imene amaidziwa.

Mungayese ndinatuluka wokondwa. Ayi. Ndinatuluka nditakwiya. Zonsezi zinangofuna mpando ndi khutu. Sizinafune ndege, sizinafune dokotala wa kunja. Uja wa panado akanangophunzitsidwa kufunsa mafunso amenewa, kapena kungodziwa kuti atitumize kuno, mlongo wanga akanakhala ndi choyankha pa dooko, ndipo ife tikanawachotsa bambo pamadzi mwaulemu, tokha, bwato lili chagada. Ndinamupempha nesiyo kuti abwere adzanene mawu omwewa kwa asodzi. Anapukusa mutu. Anali yekha, odwala ali panja, galimoto palibe.

Ndiye ndinapita ndekha. Ndinawapeza akusoka maukonde, ndinafotokoza zonse. Mwini mono uja anati, "Eee, tsopano kuba kwapeza dzina la chizungu." Anaseka onse. Wapampando ananditengera pambali. Anati iye akukhulupirira, anati tsiku lomwe lija mtima unamuuza kuti pali china, koma mlandu wogamulidwa sautembenuza, akatembenuza bwato limodzi mawa mbava iliyonse idzati ikudwala. Ndinamuuza kuti amene anamuphunzitsa kugwira nkhafi anataya nthawi yake pachabe.

Kunyumba tinachita zimene nesi ananena. Ndinawabweretsera bango ndi mlaza, anayamba kuluka miono pansi pa mtengo wa mango. Mlongo wanga anasamutsa malonda ake n'kumagulitsira pakhomo kuti aziwaona. Akadzuka kufuna nkhafi ankawauza kuti, "Baba, lero kuli mphepo, malizani kaye mono uja," iwo n'kukhala pansi. Anayambanso kudya, nthawi zina kuimba. Miono yawo inali yolimba kuposa ya wina aliyense, ndipo mverani izi: asodzi omwe aja ankatuma akazi awo kudzaitenga, kuphatikizapo wa ndevu uja. Mono wa mbava ndi wabwino, koma mbavayo ayi. Bwato linali chivundikirire pa dooko, dzinja ndi chilimwe.

Pambuyo pake manja nawonso anaiwala. Ankangogwira bango n'kumaliyang'ana. Mlongo wanga ankawasambitsa, kuwadyetsa phala ndi supuni, kuwasintha zovala ngati khanda, wopanda wina womulandira kupatula ine pakutha pa mwezi. Anamwalira m'nyengo yotentha, masana, ali pamphasa pansi pa mango omwe aja.

Pamaliro asodzi anabwera onse, ndi dengu la nsomba za ndiwo monga amachitira akamwalira mnzawo. Mwambo utafika pa zolankhula, woyendetsa anaitana wapampando kuti alankhule m'malo mwa a pa dooko. Ndinaimirira iye asanatsegule pakamwa.

"Uyu salankhula pano. Ndipo bokosi ili silinyamuka."

Kunali phokoso. Mkulu wa mpingo anandigwira mkono. "Mwana wanga, dzuwa ili, thupi silingadikire. Zimenezi tikambirana tikachoka kumanda."

"Inunso munawaimitsa pa mgonero, ndisiyeni. Bambo anga sapita m'manda ali mbava. Bwato lawo lili chafufumimba pa dooko. Amene analivundikira apite akalitembenuze, abwere anene pamaso pa anthu onsewa kuti munthu uyu sanabe. Apo ayi, tikhala pompano mpaka fungo litithamangitse tonse."

Ndinakhala pansi patsogolo pa bokosi. Ndinkayembekezera kuti mlongo wanga andidandaulira, poti iye ndi wofatsa. Anatuluka m'nyumba ya amayi, n'kudzakhala pambali panga. Nyimbo zinaleka. Okumba manda anabwera kudzafunsa chachedwetsa. Ntchentche zinayamba kuchuluka.

Wapampando anayang'ana anzake, n'kunyamuka. Ena atatu anamutsatira, wa ndevu uja pomalizira. Dooko silili patali, ndinawatsatira kuti ndione ndi maso anga, ndipo anthu ambiri anabwera pambuyo. Atalowetsa manja pansi n'kukweza, bwatolo linathyoka pakati. Chiswe chinali chitalidya mkati monse. Anatembenuza zidutswa ziwirizo, n'kuziika chagada.

Titabwerera, wapampando anaima pafupi ndi bokosi n'kuyamba kung'ung'udza.

Ndinati, "Kweza mawu. Pogamula paja unkamveka mpaka kutsidya."

Anakweza. Anati madala awa sanabe, ankadwala, a pa dooko analakwitsa. Sindinamumvere chisoni. Tinanyamula bokosi.

Anthu amati ndinachititsa manyazi pamaliro a bambo anga. Anene. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti mawu amenewo anamva ndi anthu amoyo, mwini wake ali m'bokosi, ndipo ngakhale atanenedwa, alipobe olozera nyumba yathu ndi dzina lija. Zidutswa za bwato zikadali pa dooko, chagada. Mayi wina anafuna kuwazako nkhuni, ndinatumiza uthenga kuti amene akhudze akumana ndi ine. Zikhale pomwepo mpaka ziole zokha.

Mwezi wathawu ndinadutsa pachipatala chaching'ono chija kukatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Pamzere patsogolo panga panali mtsikana ndi agogo ake aakazi, amene ankafunsa mobwerezabwereza kuti basi ya ku Mozambiki inyamuka nthawi yanji. Anthu ankaseka. Ndinamuuza mtsikanayo kuti akalowa asalole kudulidwa mawu, ndipo akapatsidwa panado akane, afunse za nesi wa kuchipatala chachikulu. Anandiyang'ana mwamantha, mwina chifukwa ndinkalankhula mokweza. Nthawi yawo itakwana ndinalowa nawo limodzi.